Mudzi Wowerenga Utsi

Zaka zimene ndinayenda m'midzi ya ku France sindiziwerenga, chifukwa zimandizunguza mutu. Tsiku lina ndimapeza zisanu ndi zinayi, tsiku lina khumi ndi zitatu. Ndinabwera kuno ndi banja lina, ndili wolera ana awo. Anawo atakula, mayi wa pakhomopo anandigulira chikhoti chachikulu n'kundiperekeza kokwerera sitima. Kwathu kunalibe wondidikira, choncho ndinakwera sitima yolowera kumidzi, kumene ankati manja akusowa.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: mudzi woti chisanu chikafika asandiuze kuti ndizipita. Mawondo anga anali atayamba kulira pokwera zitunda, ndipo ndinkadziwa kuti chaka china adzangokana.

Midzi ya kuno ili ngati inabadwa kwa mayi mmodzi. Ukamafika umayamba waona nsanja ya tchalitchi. Kenako bwalo, ndipo pabwalopo pali mpopi wamwala wotuluka madzi osatseka, ndi chipilala cholembedwa mayina a anyamata amene anapita kunkhondo osabwerako. Pambali pake sitolo ya buledi, yotseka. Chimene chimasiyana ndi nthaka, ndipo nthakayo ndi imene imauza anthu ntchito yoti agwire.

Mudzi woyamba unali paphiri la nsangalabwi, loyang'ana kumene dzuwa limakhala masana. Kumeneko ndinaphunzira kudula mphesa. Kapitawo wake anali bambo wofiira khosi, wosatha kulankhula motsitsa.

"Dulani, osakoka, mayi inu! Si chimanga chimenecho!"

Pa nthawi yopuma ankakonda kufotokoza zakale. Anati agogo a agogo ake ali ana, kunabwera kachirombo kodya mizu, n'kupha mphesa zonse za m'phirimo. Anthu theka anathawira kutauni. Otsalawo anaitanitsa mizu kutsidya kwa nyanja yaikulu, n'kumezanitsa ndi nthambi zawo.

"Ndiye mizu yonseyi ndi yachilendo?" ndinafunsa.

"Yonse. Koma pabotolo la vinyo timalemba dzina la phiri lino."

Mphesa zitatha anatiphikira phwando. Kutacha kapitawo anandigwira chanza n'kuti tionana chaka chamawa. Udzu unali utayera kale ndi chisanu.

Nyengo yozizira ndinkaithera m'matauni, kutsuka mbale m'malo odyera, kugona m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Za kumeneko palibe chonena. Masamba akayamba kuphuka ndinkanyamulanso chikwama.

Mudzi wachiwiri, mwina unali wachinayi, unali pamtunda wa miyala yoyera. Kumeneko mtsinje umayenda pang'ono n'kulowa pansi ngati njoka, kukatulukira kutali m'midzi ya eni ake. Khasu silingalowe. Chimene chimamera ndi tchire lonunkhira, choncho anthu amaweta mbuzi. Tchalitchi chinalipo, mpopi unalipo koma wouma, ndipo chipilala chinali ndi mayina khumi ndi anayi, anayi mwa iwo ana a bambo mmodzi. Ndinaphunzira kukama, kuumba titchizi ta mkaka wa mbuzi tokwana pachikhatho, kutithira mchere ndi kutitembenuza m'mawa uliwonse, monga ndinkatembenuzira ana a anthu aja pogona. Mphepo itasintha, mwini mbuzi anandiitana m'khola.

"Mbuzi zauma, mayi. Zidzabereka masamba akaphuka."

"Nanga ine?"

"Inunso mwauma," anatero uku akuseka, n'kundikulungira titchizi titatu m'pepala.

Wina unali m'chigwa, m'mbali mwa mtsinje waukulu wosathamanga. Kumeneko kunali mitengo ya mtedza wa chikamba cholimba, ndi chigayo choyendera madzi chimene ankayengera mafuta. Mwini chigayocho anali bambo amene mkazi wake anamwalira kale. Anandiphunzitsa kuswa mtedza ndi kanyundo popanda kuphwanya za m'kati, ndi kumva ndi mphuno nthawi imene wakazingika. Tinayamba kudya m'mbale imodzi. Ndinkaganiza kuti ndafika. Anamwalira masamba akugwa, atakhala pampando, atavula nsapato imodzi. Ana ake anabwera kuchokera kumzinda waukulu ndi munthu woyeza nyumba ndi chingwe. Anali aulemu. Anandipatsa botolo la mafuta. Ndinamva kuti tsopano chigayocho ndi nyumba yopumuliramo anthu a dziko lina, amene amabwera masabata atatu pachaka.

Panali midzi inanso: wa nkhosa, wa maapozi, wa fakitale ya nsapato imene inatsala makoma okhaokha. Konseko tchalitchi, mpopi, chipilala. Konseko chanza, chisanu chikangoyamba. Nthawi zina ndinkafika pabwalo n'kuona ngati ndinagonapo kale m'nyumba ya pakona ija, koma agalu ake sankandidziwa.

Mudzi womaliza uli kumene msewu umathera, m'kati mwa nkhalango, pa dothi lamakande lozizira. Woyendetsa basi ndi amene anandiuza kuti kumeneko akufuna munthu wa miyendo, ndipo ndinadabwa chifukwa masamba anali atagwa kale. Kale mudziwo unali ndi anthu mazana atatu, ootcha makala, osema nsapato zamatabwa, osula zitsulo. Makala atasiya kufunika anthu anatsika kuchigwa mmodzimmodzi. Ine pofika, mayina a pachipilala anali ochuluka kuposa anthu amoyo.

Meya wa mudziwo anali mayi Solange, amene kale ankagawa makalata panjinga. Ndinawapeza akusesa pakhomo pa ofesi yawo, kachipinda kamodzi kolumikizana ndi sukulu yotseka.

"Mumadziwa kuyatsa moto?" anandifunsa, asanandifunse ndi dzina lomwe.

"Ndinabadwira kumene moto ndi ntchito ya ana."

"Ndiye mwalembedwa. Gwirani."

Anandipatsa makiyi asanu ndi awiri omangidwa pachingwe chimodzi. Kenako anakhala pamasitepe n'kundifotokozera. M'mudzimo sawerenga anthu, amawerenga moto. Nkhalango ndi ya mudzi wonse chiyambire makolo, ndipo chaka chilichonse nyumba iliyonse yotuluka utsi imalandira chigawo chake chodulamo nkhuni. Mlonda wa nkhalango amabwera chisanu chikakhwima, kudzaona machumuni ofuka, n'kuyeza dera lodula molingana ndi utsi umene waona. Zigawozo amachitira maere m'chipewa. Koma panali mantha ena aakulu. Ankati mudzi ukatsala ndi moto wosakwana khumi, aboma amauphatikiza ndi mudzi wa kumunsi, nkhalango n'kupita, dzina la mudzi n'kufufutika pamapu. Kaya lamulo linali lotero ndithu, kaya anachita kulota, ine sindidziwa. Iwo ankakhulupirira.

"Moto wamoyo tili nawo usanu," anatero mayi Solange. "Nyumba za amene anatisiya ndi zisanu ndi ziwiri. Zaka zonsezi timayatsa tokha, koma tsopano mawondo atha. Inu muziyatsa m'mamawa uliwonse kufikira mlonda atadzawerenga."

"Akawerenga?"

"Akawerenga ntchito yatha."

Anandigoneka m'nyumba ya aphunzitsi, pamwamba pa sukulu, n'kundipatsa kachitsulo ka magetsi kotenthetsera mapazi. Chumuni cha mmenemo anati ndisavutike nacho, mbalame zinamangamo chisa kalekale.

Ndinayamba ntchito. Kukangoyera ndinkakankha wilibala ya nkhuni khomo ndi khomo. Nyumba iliyonse inali ndi chaka chake, chifukwa kalendala ya pakhoma inaima pamwezi umene mwini wake anatuluka komaliza. M'nyumba ina munali magalasi a maso patebulo, atatsegulidwa. M'nyumba ina munali nsapato za mwamuna ndi za mkazi pansi pa bedi, zoyang'ana kukhomo. Sindinkagwira kanthu. Ndinkagwada, kuuzira, kudikira mpaka moto utagwira, n'kutseka chitseko. Pomaliza ndinkaima pabwalo n'kuona mizere ya utsi khumi ndi iwiri ikukwera mowongoka, mudzi ukuoneka ngati wa anthu. Ndikatero ndinkakwera kuchipinda changa kukaika mapazi pakachitsulo kaja.

Kutatsala masiku atatu kuti mlonda abwere, anthu anasonkhana m'kalasi kudzalemba mayina oika m'chipewa. Anakhala pamadesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. Ine ndinaitanidwa kuti ndiwiritse khofi. Panali bambo Léonce, wodula mitengo wakale, wa zala zitatu kudzanja lamanzere, ndi mayi Fernande, wamkulu kuposa onse, woyenda ndi ndodo ziwiri, wa pakamwa ngati lumo. Enawo anali ongogwedeza mitu. Mayi Solange ankatchula dzina, n'kulemba pakapepala, n'kupinda. Amoyo asanu. Kenako akufa, mmodzimmodzi, ndi mayina awo onse.

Ndinaika ketulo pansi.

"Ameya, dzina langa mwalisiya."

Amene anayankha ndi bambo Léonce, osandiyang'ana.

"Chigawo ndi cha moto wa m'mudzi."

"Moto usanu ndi uwiri wa m'mudzi muno umayaka ndi mpweya wanga."

"Umenewo uli ndi eni ake."

"Eni ake ali kuseri kwa tchalitchi, bambo Léonce. Akufa ali ndi nkhuni, ine wamoyo ndilibe?"

Apo ndiye anatembenuka. Analibe mkwiyo, ankangonena monga amanenera kuti kunja kukugwa mvula.

"Akufa sachoka, mayi. Inu mumachoka. Tinawaona ambiri. Anabwera a njuchi, anachoka. Anabwera oumba mbiya, anachoka atasiya amphaka asanu ndi anayi. Munthu wodutsa tikamulemba, chaka chamawa timam'fufuta, ndipo aboma amaona kuti mudzi ukutha."

Sankanama. Kwathu amati mlendo ndi mame. Koma ine sindinachokepo pamudzi uliwonse mwa kufuna kwanga, ndipo ndinaona kuti kufotokoza zimenezo kwa anthu okhala pamadesiki a ana n'kutaya malovu. Ndinawathirira khofi onse, n'kutuluka.

Kutacha sindinagwire wilibala. Ndinatenga mtengo wautali wotsegulira mawindo a m'kalasi n'kuusolola m'chumuni cha chipinda changa. Chisa chinagwa ndi mwaye wa zaka makumi atatu, ndinada mpaka m'mano. Nkhuni za akufa sindinazikhudze. Ndinatsika m'kalasi, n'kusankha desiki lothyoka mwendo, n'kuliwaza ndi nkhwangwa. Thabwa louma lodzaza ndi inki limayaka msanga. Nditatsegula windo ndinawerenga utsi wa m'mudzimo. Usanu, ndi wanga wachisanu ndi chimodzi. Nyumba zinazo zinali ngati miyala.

Sipanapite nthawi ndinamva ndodo ziwiri pamasitepe. Mayi Fernande anakwera okha, akupumira pa sitepe iliyonse, mayi Solange ndi bambo Léonce ali pambuyo.

"Mwana iwe, watentha desiki la yani?" anafunsa mayi Fernande.

"Linalembedwa L ndi mpeni."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Lako, Léonce! Laona kutentha koyamba, mutu wako sunalitenthetsepo."

"Khala chete, nkhalamba iwe," anatero bambo Léonce. "Mayi, mlonda akubwera mkuja. Mukufuna kutiphera mudzi?"

"Makiyi ndi awo patebulopo. Kayatseni."

Onse atatu anayang'ana makiyiwo. Panalibe amene anatambasula dzanja.

Mayi Solange anakhala pabedi langa n'kuvula magalasi. "Mwambo umati nyumba yotuluka utsi, yokhalamo munthu. Sutchula kumene munthuyo anabadwira. Kunena zoona, Léonce, m'mudzi muno amene akutsata mwambo lero ndi mayiwa."

"Adzachoka masamba akaphuka."

"Nawenso udzachoka," anatero mayi Fernande, "ndipo iwe udzachita kunyamulidwa."

Bambo Léonce anayenda n'kukaima pamoto wanga, n'kuwotha zala zawo zisanu ndi zitatu. Analankhula akuyang'ana malawi.

"Mumve bwino, chifukwa chigawo si mphatso. Mitengo mudula nokha, madzi asanakwere m'makungwa. Nkhuni za maere sizigulitsidwa, sizituluka m'mudzi. Ndipo thundu, mtengo wa kuno, ukam'dula lero sayaka chaka chamawa, amangolira thovu. Amafuna nyengo zozizira ziwiri ali pamulu. Mukatola kapepala m'chipewa, mukutola moto wa chaka cha mkuja. Mudzakhalapo?"

"Mukapanda kundigwira chanza, ndidzakhalapo."

"Chanza chanji?"

"Palibe. Lembani dzina."

Mayi Solange analibe pepala, choncho anang'amba pakona pa kalendala. Anandifunsa kalembedwe ka dzina langa kawiri. Atapinda, ndinatola makiyi n'kupita kukatenga wilibala, dzuwa lili pamutu.

Mlonda anabwera tsiku lake. Anali bambo wonenepa wa yunifolomu yobiriwira. Anaimitsa galimoto pakona pamene mudzi wonse umaonekera, n'kuwerenga ndi chala, buledi ali kukamwa. Anawerenga kawiri.

"Khumi ndi itatu? Ameya, kwabadwa munthu kuno?"

"Wabwera."

"Chabwino. Koma anthu a m'mudzi mwanu ndi olawirira, ngakhale amene ndinawaperekeza ndekha kumanda." Analemba m'buku lake n'kulowa m'nkhalango ndi chitini cha penti.

Maere anachitika Lamlungu, m'chipewa cha bambo Léonce. Amoyo ankatolera akufa, aliyense abale ake. Ine ndinatola chigawo cha kuphompho, kumene dzuwa silifika ndipo thirakitala singatsike. Mayi Fernande anati chipewacho chili ndi mtima wa mwini wake.

Ndinadula miyezi itatu. Makina ochekera anandibwereka mayi Solange, nkhwangwa inali ya kusukulu. Chipale chofewa chinagwa, chinasungunuka, chinagwanso. Mawondo ankalira potsika, ankalira pokwera, koma ankalirira panjira imodzimodzi, ndipo madzulo ndinkadziwa chitseko chimene nditsegule. Zipika ndinkazikweza pamutu, chimodzichimodzi. Anthu ankatuluka kudzaonerera, chifukwa kuno mutu ndi wa chipewa basi.

Bambo Léonce ankabwera masana alionse n'kukhala pachitsa pamwamba pa phompho. Sankathandiza. Ankangokuwa.

"Mtengo umenewo ukugwerani, mayi inu! Yang'anani kumene wapendekera!"

"Mwaudula m'mwamba kwambiri! Chitsa chimenecho mukufuna kukhalapo ndi alendo?"

Tsiku limene ndinayamba kuunjika nkhuni kuseri kwa sukulu, anafika n'kugwetsa mulu wanga ndi phazi. Kenako anagwada movutikira n'kuyamba kuyala okha, mizere iwiri pansi yotalikirana kuti mphepo izidutsa, makungwa kuyang'ana kumwamba kuti mvula izitsetsereka. Anayala mpaka m'chiuno, n'kundisiyira. Kupuma kwawo kunkamveka ngati sowo yobuntha.

"Musadzazigwire chaka chamawa ngakhale kuzizire bwanji," anatero. "Mudzatenge zanga. Ndili ndi za zaka zinayi."

"Nanga inu mudzawotha chiyani?"

Anayang'ana cha kumtunda, kumene kuli nyumba yawo, yomaliza msewu usanalowe m'nkhalango. Chumuni chake chinkafuka pang'ono.

"Solange adzakupatsani kiyi wachisanu ndi chitatu," anatero. "Musadzamulandire. Ndayatsa moto wa anthu ena zaka makumi awiri, ndikudziwa mmene m'nyumba zija mumanunkhira. Yanga mudzaisiye izizire."

"Utsi ukadzachepa?"

"Mudzapeze wina wa miyendo. Koma ameneyo mudzamulembe tsiku loyamba."

Anadzuka pogwira phewa langa, n'kusasa mawondo, n'kuyamba kukwera kwawo pang'onopang'ono. Ine ndinatola chikuni china n'kuchiika pamulu, khungwa kumwamba.